Mkwapulo unathyokera ku Chilwa

Mkwapulo unathyoka m'mawa wina wa mwezi wa Febuluwale mu 2002, ine ndili Sitandade 8. Kulira kwake ndimakukumbukira mpaka lero: thyo! ngati munthu waponda phesi louma. Sukulu yake sinditchula, poti eni nkhaniyi alipo ndipo ena timakumana nawo m'maliro. Ingodziwani kuti ili kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, kumene mphepo ikamachokera kum'mawa m'kalasi mumanunkha matemba a pathandala.

Wouthyolayo anali mnzathu wamkulu kuposa tonse, mnyamata wa zaka 18, mapewa ake a munthu wozolowera kukoka khoka. Anafika mochedwa monga mwa masiku onse. Aphunzitsi anamuuza kuti awerame, iye anangoima njo. Anamukwapula kamodzi pamsana. Kachiwiri anauwakha mkwapulowo m'malere, n'kuulanda, n'kuuthyolera pabondo, kenaka n'kuwakankha aphunzitsiwo mpaka anakagunda bolodi, mlomo n'kung'ambika. Ndiye anati, osakweza ndi mawu omwe: "Musanandimenye, yambani mwandipatsa ndalama zanga za nsomba." Anatuluka pang'onopang'ono, osathamanga. Tinalimo ana oposa 80 koma m'kalasimo munangoti zii.

Nkhaniyi ndakhala nayo zaka zoposa 20. Chandikumbutsa ndi kadandaulo kaja kosatha m'maminibasi, pabawo ndi pa wailesi, kakuti ana anaonongeka ndi matipate, kuti nthawi ya Kamuzu mphunzitsi anali mphunzitsi, akatsokomola mwana ankabisala kuseri kwa nkhokwe. Sindikutsutsa zonse ayi. Koma ine ndinakulira m'manja mwa amalume amene anagwira choko zaka zoposa 30, kuyambira nthawi ya chitaganya mpaka kumapeto kwa ulamuliro wa Ngwazi, ndipo zimene ankandiuza tikakhala pakhonde zinandisiyira funso: kodi mphamvu ija mphunzitsi anali nayo inali yakeyake, kapena yobwereka?

Tiyambire patali pang'ono. Makolo athu kamtengo ankakadziwa azungu asanabwere, ndipo amene anapita kusimba kapena kundagala akudziwa kuti kumeneko sikunali kodyera uchi. Koma womenya kumeneko anali munthu wodziwika mudzi wake ndi mtundu wake, ndipo mwinimbumba wa mwanayo anali pafupi. Chachilendo chimene chinabwera ndi mishoni chinali munthu wa kutali wokhala ndi buku kudzanja ili, chikoti kudzanja linali.

Mishoni ya Church of Scotland itakhazikika ku Blantyre mu 1876, amishoni oyamba anadziyesa boma. Ankazenga milandu okha, kutsekera anthu ndi kuwakwapula, ndipo munthu wina anafa nako kukwapulako. Okwapulidwawo sanali ana a sukulu, anali akuluakulu oganiziridwa zakuba, koma ana ophunzira pamishonipo zonsezi zinkachitika pabwalo pawo. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, anaziulula m'kabuku mu 1880, ndipo mu 1881 mpingo ku Scotland unachotsa mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, pamodzi ndi anzake ena. Mmodzi mwa ochotsedwawo, John Buchanan, anakhazikika kwathu kuno ku Zomba n'kumalima khofi. Choncho mkangano wakuti wophunzitsa ali ndi mphamvu yolanga mpaka pati si wa dzulo kapena dzana. Unayamba sukulu zisanafike n'komwe m'midzi.

Kuchigwa kwathu sukulu inatsika potsata madzi. Mu 1884 Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi, m'mbali mwa mtsinje womwe uja umakathira m'Chilwa, ndipo kuchokera pamenepo timasukulu ta udzu tinayamba kumera m'midzi. Akatolika nawo anadzatsegula zawo. Mphunzitsi wa masiku amenewo analibe wapolisi kumbuyo kwake. Mwana sankakakamizidwa ndi lamulo kupita kusukulu, ndipo makolo ambiri achisilamu ankakana dala, poopa kuti mwana akabwerako atasintha dzina ndi chipembedzo. Ankamutumiza ku madrasa basi. Ndiye mphunzitsi ankachita kuyenda khomo ndi khomo kupempha ana.

Ulemu wake unkachokera kwina. Ndiye ankawerengera anthu makalata ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, ndiye ankalemba mayankho, ndipo zinsinsi za mabanja theka la mudzi zinali pamtima pake. Lamulungu ankatsogolera mapemphero. Mfumu ikalandira kalata ya kwa DC inkatuma mwana kukamuitana. Boma la atsamunda litakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro mu 1926, pasanapite zaka zambiri ku Domasi komweko kunatsegulidwa Jeanes Training Centre, njira yotengera ku sukulu za anthu akuda a kummwera kwa America. Kumeneko mphunzitsi ankapita ndi mkazi wake, onse n'kuphunzira za ukhondo, zimbudzi, ulimi ndi kulera ana, kuti akabwerera nyumba yawo ikhale chitsanzo cha mudzi. Pambuyo pake ndi mafumu omwe ankapita kukaphunzira.

Kodi ankamenya? Ankamenya ndithu, ena mpaka kutupitsa. Koma amalume ankati mkwapulo wa nthawi imeneyo unali ndi malire ake osalembedwa. "Ukam'pitiriza muyezo mwana wa eni," ankatero, "mawa sabwera. Mkuja afika atsibweni ake, nkhwangwa ili paphewa, kudzakufunsa bwinobwino kuti walakwanji. Ndipo mtondo upeza kalasi yonse ya mudzi umenewo yatsala kunyumba." Mphunzitsi ankalanga akudziwa kuti madzulo akatunga pachitsime chimodzi ndi mayi wa mwanayo.

Zinthu zinasintha dziko litalowa m'manja mwa chipani chimodzi. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinalowa m'kalasi, ndipo mwana wosamvera mphunzitsi anasanduka ngati wosamvera boma. Apayoniya, amene anayamba mu 1963, anafika mpaka m'sukulu za sekondale monga alangizi, ndipo ana ndi aphunzitsi omwe ankayankhula mosamala iwo akakhala pafupi. Mphunzitsi ndiye ankandandalika ana m'mbali mwa msewu Ngwazi ikamadutsa, ndiye ankawatsogolera pa ntchito za Sabata ya Achinyamata. Atsibweni aja a nkhwangwa paphewa anasiya kubwera. Ukakangana ndi mphunzitsi, bwanji akakakunenera kwa tcheyamani kuti ukunyoza chitukuko? Munthu ankangomeza malovu.

Za tsitsi nazo musaiwale. M'zaka za m'ma 1970 lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, monga lamulo la 1973 linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi. Kusukulu lamulolo linkayenda ndi sizasi: aphunzitsi ankakulambulira msewu pakati pa mutu kuti kotsalako ukamalize wekha kwanu. Malamulowo anapita ndi chipani chimodzi, koma sizasi inatsalira m'dirowa ya ahedi zaka zina 30, mpaka mu Meyi 2023 pamene bwalo lalikulu la milandu ku Zomba, pamaso pa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti sukulu za boma zisakanize ana achi Rasta chifukwa cha tsitsi lawo.

Koma chimene olira mwambo wakale sakonda kutchula ndi ichi. Sukulu ya nthawi imeneyo inkasankha ana. Wopanda fizi ankabwezedwa, wopanda yunifolomu chimodzimodzi. Mtsikana akatenga pakati ankachotsedwa mpaka kalekale, za amene wam'patsa pakatiyo osafunsa kwenikweni. Mnyamata wovuta sankamuvutikira: ankamuonetsa msewu, ndipo kwathu kuno msewu umenewo unkathera padoko la Kachulu, kumene bwato silifunsa satifiketi. Kalasi inkaoneka ya mwambo chifukwa onse amene akanaisokoneza anali kale panyanja kapena m'minda ya mpunga, akuingitsa mbalame.

Nanga mphunzitsi mwini wakeyo anali mfulu? Mu 1989 Kamuzu ananena kuti aphunzitsi ochokera kumpoto akuphunzitsa mwa dala mosalongosoka m'chigawo chapakati ndi chakummwera, ndipo analamula kuti aliyense akaphunzitse kuchigawo cha kwawo. Amalume anaperekeza mnzawo wina amene anakhala naye zaka zambiri, munthu amene ana ake anabadwira konkuno ndipo ankayankhula Chilomwe cha m'misika kuposa Chitumbuka. Anakweza mipando ndi mbuzi palole, osadandaula mokweza, poti makoma anali ndi makutu. Munthu yemwe dzulo lake ankagwedeza sukulu yonse ndi diso lokha anachoka ngati mwana wothamangitsidwa fizi. Ndipo m'chigwa chomwechi muli ndende ya Mikuyu, mmene Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, anakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Amalume ankati: "Mkwapulo tinkaugwira ife, koma mwini wake anali wina. Tsiku lililonse akanatha kuutembenuzira kwa iwe."

Mwini wakeyo atachoka, zonse zinabwera nthawi imodzi ngati madzi a Likangala mvula ikagwa kuphiri. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Riferendamu inachitika mu Juni 1993. Mu Disembala chaka chomwecho asilikali anabalalitsa Apayoniya pa Operation Bwezani. Mu 1993 momwemo unduna unalola kuti mtsikana wochembeza azibwerera kusukulu. Malamulo atsopano oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 19, analetsa chilango chokwapula m'mabwalo a milandu ndi m'zochita za nthambi zonse za boma, ndipo unduna unauza aphunzitsi kuti mkwapulo autaye. Kenaka boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya kupulayimale. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Pofuna kutseka dzenjelo boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzira ntchitoyo, n'kuwapatsa maphunziro a masabata awiri kapena atatu, basi choko m'manja. Ndondomeko yowaphunzitsa ali pantchito, ya MIITEP, inadzayamba mu 1997.

Taganizani inu awerengi. Munthu wamulanda chida chokhacho chimene iye mwini anakula akuchiona, sunam'patse china m'malo mwake, wam'wonjezera ana kuwirikiza, ndipo pakati pa anawo pali ena ometa kale ndevu. Ndiye mawa ukudabwa kuti mwambo wapita kuti.

Ine ndine mbewu ya chaka chimenecho. Ndinayamba Sitandade 1 mu 1994 ndili ndi zaka 6, pansi pa mtengo. Mnzanga uja anayamba tsiku lomwelo ali ndi zaka 10. Fizi ndiyo inam'sunga kunyumba zaka zonsezo. Aphunzitsi amene anadzawakankha aja nawonso anayamba ntchito chaka chomwecho, ali mnyamata wongochoka kumene ku sekondale. Tonse atatu tinalowa pakhomo limodzi. Mu 1995 nyanja inaphwa, monga inachitiranso mu 1968, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi, ndipo anyamata a kudoko anadzaza m'makalasi poti kunalibe kopita. Madzi atabwerera ambiri anabwerera nawo. Mnzangayo anakakamira. Ankadzuka usiku kukaonjola miono, n'kugulitsa, n'kuthamangira kusukulu ali ndi mamba m'manja. Ndicho chake ankachedwa.

Tsono 2002 inali chaka cha njala. M'mwezi womwewo wa Febuluwale boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga chinakwera mtengo moti malipiro a mphunzitsi ankatha mwezi usanafike pakati. Aphunzitsi athu aja anali ndi mkazi ndi ana awiri. Anayamba kutenga milamba pangongole kwa mwana wa m'kalasi mwawo. Ife tonse tinkadziwa. Ndiponso tinkadziwa kuti m'thumba mwa mnyamatayo nthawi zina munkakhala ndalama zoposa za aphunzitsi ake.

Lachisanu la sabata yomweyo kunakhala bwalo pansi pa mtengo wa mango. Panali ahedi, aphunzitsi onse, komiti ya sukulu, nyakwawa ya mudzi wa mnyamatayo, mayi ake, ndi atsibweni ake amene anachita kukaitanidwa ku zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga pamwamba pa madzi. Wapampando wa komiti anali amalume anga, atapuma kale pantchito. Ife ana tinauzidwa kuti tizipita kwathu, koma anapita ndani? Tinakhala chete m'chimanga kuseri kwa zimbudzi, makutu ali tcheru.

Aphunzitsi anzawo anafuna apolisi. Wina anati: "Lero wakankha, mawa abwera ndi mpeni wotumbulira nsomba. Akabwerera m'kalasi ameneyu, ife sitilowamo." Sankanama, mantha awo anali enieni. Ahedi anafotokoza kuti iwo angathe kumuimitsa, koma kumuchotseratu n'kwa akuluakulu a maphunziro, ndipo kuti atero ayenera kulemba lipoti. Apa ndiye panali pothina. Lipoti loona likanatchula mkwapulo woletsedwa uja ndi ngongole ya nsomba, ndipo kalata yobwerako ikanapweteka anthu awiri. Lipoti labodza likanaphedwa ndi mboni 80. Mayi a mnyamatayo anangoti, maso ali pansi: "Bambo ake kulibe. Ameneyu ndiye akutidyetsa."

Amalume anakhala nthawi osayankhula, kenaka anatembenukira kwa ovulalawo.

"Aphunzitsi, pepani ndikufunsani pagulu. Ngongole ikunenedwayi ilipodi?"

"Ilipo, bambo."

"Ya liti?"

"Kuyambira Disembala."

Anagwedeza mutu n'kuyang'ana mnyamata uja. "Iwe, unavinidwa?"

"Eya, agogo."

"Kumeneko anakulangiza kuti wamkulu akakhala nawe ngongole uzim'ng'amba mlomo?"

Anakhala chete mpaka atsibweni ake anam'gunda ndi chigongono. "Ayi, agogo."

Amalume anati apa pali milandu iwiri, ndipo bwalo likaweruza umodzi wokha ana obisala m'chimangawo akadziwa kuti akuluakulu amaweruza poona nkhope. Eti ankadziwa kuti tilipo! Chigamulo chinali chotere. Ngongole ibwezedwe pakutha pa mwezi kudzera m'manja mwa ahedi, ndipo mphunzitsi aliyense asatengenso kanthu pangongole kwa mwana wa sukulu. Mnyamatayo akhale kunyumba masabata awiri. Atsibweni ake apereke nkhuku kwa aphunzitsi chifukwa cha magazi amene anatuluka. Pobwerera apepese pa asembule, pamaso pa sukulu yonse, ndipo akadule njedza kudambo afolere kalasi ya Sitandade 1 imene inkadontha. Pomaliza, mwana wamkulu akalakwa asamakwapulidwe m'kalasi pamaso pa anzake; nkhani izipita kwa ahedi, ahedi aziitana kholo.

Aphunzitsi ambiri sanakondwe. Anati mkuluyo wavula mnzawo pagulu, ndipo kwa miyezi ingapo ena ankawadutsa amalume pamsewu moni wa pakamwa pokha. Kunena zoona, inenso panthawiyo ndinkaona ngati anawachititsa manyazi aphunzitsi athu. Ndinadzawafunsa nditakula. Anati: "Mphwanga, ulemu wa munthu uja unali utatha kale mu Disembala, tsiku limene anatambasula dzanja kwa mwana. Mkwapulo unkangobisa bala. Ine ndinkafuna abweze ngongole kuti akhalenso ndi pakamwa podzudzulira." Ndimaona kuti amalume anachita zimene mphunzitsi wa nthawi ya Jeanes akanazimvetsa msanga kuposa wa nthawi ya khadi: anabwezera mlandu m'manja mwa anthu amene mwanayo sakanatha kuwathawa, mayi ake, atsibweni ake ndi mfumu yake.

Musaganize kuti zinathera m'mapemphero othokoza. Mnyamatayo anabwerera, anapepesa mawu osamveka bwino, denga anafolera, ndipo linali denga labwino kuposa onse pasukulupo. Koma teremu yachiwiri isanathe anasiya, mayeso a Sitandade 8 osalemba. Aphunzitsi aja anapempha kusamutsidwa chaka chotsatira. Mkwapulo nawo sunathe. Unabwerera mwakachetechete kwa ana aang'ono amene sangathe kuulanda. Ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 silinautchule n'komwe dzina, ngati kuti aphungu anaopa kuuponda. Mphunzitsi wa kumudzi anasiyidwa pakatikati, chomuletsa akuchidziwa, chochita mwana wa zaka 18 akamuimirira pamaso osauzidwa.

Mnzanga uja ndinakumana naye mu 2018, chaka chimene nyanja inathawanso. Ndinapita ku Kachulu kukalemba za chilalacho. Mabwato anali gonegone pamatope ong'aluka, ndipo gulu la amuna linkakumba ngalande yoti mabwato azidutsamo kukafika kumene kunatsala madzi. Mmodzi anaponya khasu pansi n'kundiitana ndi dzina langa la kuubwana. Imvi zinali zitayamba. Anandiuza kuti ali ndi mabwato awiri, onse ali pamtunda, ndi mwana wamkazi amene anali Sitandade 6.

Tinakhala pamphepete pa bwato lina, ndipo ndinalimba mtima. "Achimwene, nanga aphunzitsi atam'kwapula mwana wanuyo, mungatani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aise, wabwera kudzandifunsa zimenezo dzuwa lonseli?" Kenaka anakhala duu, akuchotsa matope kuzala. "Akalakwa am'lange. Koma ayambe andiitana, ndikamve nawo."

Anatola khasu lake, n'kuyenda pang'ono, n'kutembenuka. "Kodi aphunzitsi aja ali moyo? Ukadzawaona uwapatse moni. Ndalama zija anandipatsa zonse, osatsala ndi tambala yomwe."